ZA KUSANKHA SUKULU YA MASEWERO

Kuno kwathu ku Nkhunga, m'mbali mwa nyanja, nchito zimene mwana aziona pakukula ziri zowerengeka, ndipo sizibvuta kuzichula. Pali usodzi wa usipa ndi utaka. Pali kulima mpunga ndi cinangwa. Pali nchito ya nzimbe ku Dwangwa, kumene makina a shuga anayamba kulira m'caka ca 1979. Ndipo kwa iwo amene sukulu yawayanja pali uphunzitsi, unamwino, upolisi ndi ukalaliki. Kholo likamva mwana wace alikuchula imodzi ya nchito izi, mtima wace ukhala pansi, pakuti lidziwa njira yace ndi malipiro ace. Koma masiku ano labuka funso lacilendo m'nyumba zathu, limene makolo athu sanalidziwa. Anyamata ndi atsikana ena, atamva masewero pa wailesi ndi kuona ena pa kanema, ayamba kunena kuti afuna kukaphunzira zisudzo, kuti ikhale nchito ya moyo wao wonse. Pamenepo akuru ambiri asowa coyankha: ena aseka, ena akwiya, ndi ena angokhala cete. Ndalemba mau awa cifukwa funso limeneli linafika pa khomo langa, ndipo ndiganiza kuti zimene ndinazipeza pofunafuna yankho lace zingathandize owerenga ena amene lidzawafikira mawa.

Mlongo wanga ali ndi mwana wamkazi amene anakhoza bwino mayeso a Fomu 4. Monga mudziwa, pa mwambo wathu wa Acewa mtsibweni ndiye mwini mbumba, ndipo nkhani yaikuru ya mwana siitha iye asanaimve. Cotero anadza onse awiri, mai ndi mwana, nakhala pa mphasa. Mwanayo anati, "Atsibweni, mtima wanga suli ku unamwino kumene amai anditumiza, ine ndifuna kukaphunzira masewero." Amace anati, "Acimwene, mlangizeni mwanayu. Zaka 4 ndakhala ndirikugulitsa mpunga kuti ndimlipirire sukulu. Kodi ndinabvutika cotero kuti akakhale woseketsa anthu pa msika?" Ine ndinaona kuti onse awiri ananena zomveka. Mai anaopa njala ndi manyazi, ndipo mantha amenewa si acabe. Mwana nayenso anali nayo mphatso, pakuti ndinamuona ndi maso anga m'masewero a pa sukulu. Ndipo ine, amene ndinagwira coko zaka zambiri ndisanapume, ndidziwa kusiyanitsa mwana wongokonda phokoso ndi mwana amene anthu atonthola kuti amumve. Cifukwa cace sindinabvomera kapena kukana tsiku lomwelo, koma ndinapempha miyezi 2 kuti ndikafunse kwa odziwa; pakuti akuru anati, safunsa anadya phula.

Funso loyamba limene ndinalimbana nalo ndi ili: kodi masewero ndi cinthu cophunzira? Ambiri anena kuti iai, luso lotere munthu abadwa nalo. Koma taganizani za usodzi. Mwana wa kuno adziwa kusambira ndi kugwira nkhafi asanadziwe kulemba dzina lace. Koma palibe mwini cilimira amene angamuike kukhala siginala cifukwa ca ico cokha. Ayenera kuyamba wagona pa nyanja masiku ambiri pamodzi ndi akuru, kuti adziwe kuyatsa ndi kusunga nyali, kuzindikira pamene usipa wasonkhana, kuona mwera usanafike, ndi kudziwa nthawi yakuitana anzace kuti aponye ukonde. Mphatso ndiyo imlowetsa m'bwato, koma maphunziro ndiwo ambweza ku gombe ali ndi nsomba ndi moyo womwe. Momwemonso wocita masewero. Ayenera kuphunzira kuturutsa mau ocokera pansi pa cifuwa, akumveka kwa munthu wokhala kumbuyo kwa khamu, popanda kupfuula kapena kusasa mmero. Ayenera kulamulira thupi lace, kuti kuyenda kwa nkhalamba kusiyane ndi kuyenda kwa woledzera. Ayenera kusunga pamtima mau ambiri, ndi kuchera khutu kwa mnzace pa bwalo m'malo mongodikira nthawi yace yakulankhula, ndiponso kucita cinthu comweco mawa ndi mkuja monga ngati acicita koyamba. Zimenezi munthu sabadwa nazo.

Koma tisanayang'ane kutari, tibvomere kuti sukulu yoyamba ya masewero tiri nayo pakhomo pomwe. Agogo athu pokamba nthano madzulo asintha mau, ena a Kalulu, ena a Fisi, ndipo adziwa pamene ayenera kuima kuti ana abvomere. Malipenga, amene abvinidwa m'mbali mwa nyanja ino kufikira ku Nkhata Bay ndi ku Likoma, anabadwa pamene anthu athu anaona perete wa asilikari m'masiku a nkhondo ya 1914 kufikira 1918. Anatengera mayendedwe ao ndi zobvala zao, napanga malipenga a zikho m'malo mwa amkuwa. Gulu la malipenga lichedwa boma, ndipo liri ndi mfumu yace ndi akapitao ace ndi dotolo wace, ali yense nasewera udindo umene alibe m'mudzi. Kodi limenelo si sewero? Mphunzitsi wamkuru wa zisudzo ku Zomba, Chris Kamlongera, analemba za malipenga m'caka ca 1986, nawawerenga ngati sewero lobadwa pa kukomana kwa miyambo iwiri. Amai nao ali ndi ciwoda, m'mene nyimbo idzudzula mwamuna waulesi iye ali pomwepo. Ndipo kwa ife Acewa kuli gule wamkuru, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza m'caka ca 2005 monga cuma ca anthu onse a pa dziko. Za iye sindicurukitsa mau, popeza ali ndi eni ace. Mwana wokulira pakati pa izi sapita ku sukulu ya masewero cimanjamanja. Ndipo sukulu imene idzamuuza kuti aziiwale zonsezi kuti akhale wophunzira, imeneyo ndiyo yoyamba kuikana.

Komatu mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Bwalo la kwathu silingamphunzitse kulemba sewero kuti ena akalisewere iye kulibe, kapena mbiri ya masewero a maiko ena, kapena kuunikira nsanja ndi magetsi, kapena kuima pamaso pa kamera, kumene kuphethira kwa diso kuoneka ngati kugwedeza mkono. Zimenezi ayenera kukazifuna kwina. Ndipo pofunsafunsa ndinapeza kuti njira zenizeni ziripo 3, ndi inanso yooneka ngati njira koma ndi mbuna.

Njira yoyamba ndi ya ku Zomba, ku University of Malawi, kumene kufikira m'caka ca 2021 tinali kukucha Chancellor College. Kumeneko ndiko maphunziro a masewero anazika mizu yakuya m'dziko lathu. M'caka ca 1970, kolejiyo iri ku Blantyre, isanasamukire ku Zomba m'caka ca 1973, mphunzitsi wina dzina lace John Linstrum anayambitsa gulu la ophunzira loyendayenda ndi masewero, lochedwa Travelling Theatre. Poyamba masewero ao ambiri anali a m'Cingerezi, ndipo oonerera anali ana a sukulu ndi anthu ophunzira. Koma m'caka ca 1981, m'masiku a aphunzitsi David Kerr ndi Chris Kamlongera, ophunzira anapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, nakhala pakati pa anthu, namva mabvuto ao, napanga masewero pomwepo m'cinenero cakumveka kwa eni mudzi. Pambuyo pace, pakati pa zaka za m'ma 1980, anacitanso cotero ku Mwima pafupi ndi Liwonde pa nkhani za zitsime, zimbudzi ndi matenda. Ndipo m'masewero amenewo oonerera sanangokhala cete, koma anafunsidwa kuti anene okha cimene anthu a m'sewerowo ayenera kucita. Kucokera pamenepo luso la masewero a citukuko linafalikira m'dziko lonse.

Wofuna kulowa pa khomo limeneli ayenera kukhala ndi MSCE ya makirediti 6, Cingerezi ciri pomwepo, ndi kupempha malo kupyolera ku bungwe la National Council for Higher Education. Ndipo maphunziro a digiri atenga zaka 4. Ubwino wace ngwoonekeratu: kuli mabuku, kuli aphunzitsi amene anafufuza nchitoyi moyo wao wonse, kuli nyumba zosewereramo, ndipo satifiketi yace itsegula makomo ena, monga a uphunzitsi, a wailesi ndi a mabungwe. Koma kubvuta kwace kuliponso. Malo ngocepa ndipo opempha ngambiri. Ulendo wocokera kuno, kupyola Nkhotakota ndi Salima, kukafika ku Balaka ndi Liwonde mpaka kukwera ku Zomba, utha tsiku lathunthu ndi ndalama zosacepa. Ndipo mwana akafika afuna pogona ndi cakudya miyezi yonse ya sukulu. Kuyambira m'caka ca 2015 liripo bungwe la boma lokongoza ndalama ophunzira osauka, koma ngongole ndi ngongole, idzafuna kubwezedwa.

Njira yaciwiri ndi yakulowa m'gulu la ocita masewero, monga mnyamata alowa kwa kalipentala kukaphunzira ndi manja. Ambiri a iwo amene tinawakonda anayenda njira imeneyi. Gulu la Kwathu la ku Blantyre, limene linayamba kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, linasankha kusewera m'Cicewa pamene ena anayesa Cingerezi cokha ndico cinenero ca nsanja. Ndipo m'menemo anakuliramo John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko lonse linawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo. Woyambayo anatisiya m'caka ca 2016, mnzace m'caka ca 2021, koma m'midzi muno maina ao sanaiwalike. Pa wailesi ya MBC akuru akumbukira Kapalepale wa Smart Likhaya Mbewe, amene anasonkhanitsa mudzi wonse pa wailesi imodzi. M'caka ca 2003 linayamba gulu la Nanzikambe ku Blantyre; komweko gulu la Solomonic Peacocks laphunzitsa anyamata ndi atsikana ambiri; ndipo ku Lilongwe bungwe la Theatre for a Change, limene linafika m'caka ca 2007, linaphunzitsa masewero kwa ophunzira uphunzitsi m'makoleji ao. Ubwino wa njira iyi ndi wakuti wophunzira aima pamaso pa anthu m'miyezi yoyamba yomwe. Asenza katundu, agulitsa matikiti pa khomo, alawa kukoma kwa kuombedwa m'manja ndi kuwawa kwa mipando yopanda anthu. Koma cingathe kucitika kuti atengera kwa mbuye mmodzi zabwino zace ndi zolakwa zace zomwe, osadziwa kuti kuli njira zina. Ndiponso gulu lotsamira pa munthu mmodzi kapena pa thandizo la akunja lingabalalike tsiku limene mzati wace wagwa, ndipo wophunzira atsala wopanda pepala lakumcitira umboni.

Njira yacitatu ndi ya kunja kwa dziko, ndipo amene anaionetsa bwino ndi Du Chisiza Jr., wobadwa m'caka ca 1963. Iye anayambira pa mpikisano wa masewero a m'Cingerezi wa sukulu za sekondale, wa bungwe la ATEM, umene unayamba m'caka ca 1969. Ndipo m'caka ca 1982, ali pa sukulu ya Henry Henderson Institute ku Blantyre, anapambana ndi sewero lolemba yekha lochedwa The Deceased's Attack. Pambuyo pace anapita ku Philadelphia m'dziko la America kukaphunzira, nabwera m'caka ca 1987, nakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu loyamba m'dziko muno lakuyesa kudya za masewero okha. Anamwalira m'caka ca 1999 asanakwanitse zaka 36. Cimene ine ndiona pa moyo wace ndi ici: anapita kutari atayamba waonetsa luso lace kwao, ndipo anabwera naco cimene anakacitenga. Pafupi ndi ife, ku Johannesburg, kuli Market Theatre Laboratory, sukulu ya zaka 2 imene Barney Simon ndi John Kani anaiyambitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pofuna kuthandiza acinyamata aluso osowa njira ya ku yunivesite. Koma ulendo wotere ufuna pasipoti, cilolezo ca sukulu, ndi ndalama za dziko la eni. Kwa mwana wa wogulitsa mpunga, limeneli ndi khwerero laciwiri, si loyamba ai.

Tsopano ndinene za mbuna ija. Mnyamata wina wa m'dera lathu lino anaona cilengezo pa foni ca sukulu ina ya m'tauni, yolonjeza kumsandutsa katswiri wa mafilimu m'miyezi 3. Atate wace anagulitsa ukonde kuti amlipirire. Atafika anapeza cipinda cimodzi ca lendi, kamera imodzi, ndi mphunzitsi wobwera tsiku limene wafuna. Miyezi itatha anapatsidwa pepala lokongola ndi malembo agolidi, limene palibe ofesi inalilandira. Ndipo lero ali kudula nzimbe kuti abweze ukonde wa atate wace. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindinena kuti sukulu zonse zazing'ono ziri zotere, pakuti ziripo zina za anthu oona mtima. Koma sukulu yochula digiri kapena dipuloma iyenera kukhala yolembedwa ndi National Council for Higher Education, ndi ya nchito za manja ikhale yodziwika ku TEVETA. Ndipo kholo lisaturutse kobiri lisanaone umboni umenewu ndi maso ace.

Nditaziona njira zonsezi, ndinazindikira kuti palibe imodzi yoyenera ana onse, ndipo kuti dzina la sukulu si ndilo coyesera. Cotero ndinakonza mafunso 5, amene ndiyesa kuti kholo liri lonse liyenera kuwafunsa, kaya mwana apita ku yunivesite, kaya ku gulu, kaya kunja.

Loyamba: adzamphunzitsa ndani, ndipo mphunzitsiyo anaima pa bwalo liti? Msodzi wanzeru posankha bwato lakulowamo sayang'ana utoto wace, koma ayang'ana woliyendetsa. Funsani maina a ophunzira ace akale, ndi kumene ali lero, ndipo mukalankhule ndi mmodzi wa iwo mphunzitsiyo kulibe.

Laciwiri: kodi pa caka wophunzira adzaima kangati pamaso pa anthu enieni, osati anzace a m'kalasi okha? Kupalasa bwato sakuphunzirira pa mcenga. Sukulu yodzala ndi mabuku koma yopanda bwalo idzakubwezerani mwana wodziwa kunena za masewero, wosadziwa kusewera.

Lacitatu: adzasewera m'cinenero canji? Cingerezi ndi cofunika, pakuti citsegula mabuku ndi maiko. Koma ine ndinaona pa mipikisano ya sukulu ana alikulakatula Cingerezi cokoma, nkhope zao ziri gwa ngati mtengo, popeza mau sanacokera mumtima. Kumbukirani kuti pamene Chiwetel Ejiofor wa ku London anadza kudzajambula filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, imene inaturuka m'caka ca 2019, ku Kasungu kumene ucokera mtsinje wathu wa Dwangwa, anayenera kuphunzira Cicewa kuti asewere atate wa mnyamata wa m'nkhaniyo. Ngati mlendo wochuka anabvutikira cinenero cathu, mwana wathu acitayirenji? Ana a kuno ambiri amva Cicewa ndi Citonga comwe. Cimeneco ndi cuma, ndipo sukulu yabwino idzacinola.

Lacinai: kodi sukuluyi iphunzitsanso ciani cakuti mwana adyerepo? Pano tinene zoona, pakuti mantha a mlongo wanga ali pamenepa. M'dziko lathu ngocepa amene adya za nsanja yokha. Ambiri ali ndi khasu laciwiri. Michael Usi, amene ana amdziwa kuti Manganya wa mu Tikuferanji, anagwira nchito zaka zambiri m'bungwe la ADRA pamodzi ndi masewero ace, ndipo m'caka ca 2024 anakhala waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Shemu Joyah, amene m'caka ca 2012 anatipatsa filimu ya asodzi a m'nyanja yathu yochedwa The Last Fishing Boat, nchito yace yoyamba ndi yoyesa malo. Cotero sukulu yoyenera iphunzitse kulemba, kutsogolera anzako, kukonza masewero a pa wailesi, kuphunzitsa ana, ndi kuwerenga ndalama. Pakuti wodziwa kusewera kokha adikira kuitanidwa, koma wodziwa kulemba ndi kutsogolera adzipangira nchito yekha.

Lacisanu, makamaka kwa mwana wamkazi: adzagona kuti, adzabwera nthawi yanji pocokera kokonzekera usiku, ndipo akalakwiridwa adzadandaula kwa yani? Tisabise, alipo amuna ena amene alonjeza mtsikana malo m'sewero pofuna zina. Sukulu kapena gulu limene likwiya pofunsidwa funso ili ladziulula lokha. Koma cosayenera ndi kutsekera mtsikana khomo cifukwa ca kuipa kwa ena. Gertrude Kamkwatira anaphunzira m'gulu la Wakhumbata, nayambitsa gulu lace la Wanna-Do, nalemba masewero ndi kutsogolera amuna kufikira imfa yace m'caka ca 2006. Joyce Mhango Chavula analandira mphotho ku Lagos m'caka ca 2016 cifukwa ca filimu yace yochedwa Lilongwe. Amenewa sanacititsa manyazi mbumba zao.

Pamwamba pa mafunso onsewa pali muyeso umodzi umene ndiuyesa woposa. Tengani wophunzira wotsiriza sukuluyo, mumuimike pa msika wa Dwangwa tsiku la malipiro, kapena pa gombe m'mawa pamene mabwato afika, pakati pa anthu amene sanalipira kanthu ndipo angacoke nthawi iri yonse. Ngati odula nzimbe aima, ndi amai ogula usipa atula mabeseni ao kuti amve, ndipo sewero litatha ayamba kutsutsana okhaokha za cimene aona, sukulu imeneyo yaphunzitsa. Ngati sangathe kusewera popanda magetsi ndi mipando ndi anthu obvala mataye, waphunzira theka. Ndinena ici cifukwa kuno tiri nazo nkhani zambiri zosowa wotiyambira. Kolera anatipweteka m'zaka za 2022 ndi 2023. Madzi osefukira a mtsinje wa Dwangwa anagwetsa nyumba ndi kudula mseu kumapeto kwa February m'caka ca 2024. Nsomba ziri kucepa, ndipo ena akokola tiana ta nsomba ndi maukonde a udzudzu. Atsikana asiya sukulu cifukwa ca ndalama za pa gombe. Zimenezi mfumu ikazinena pa msonkhano anthu agwedeza mitu nabalalika. Koma akaziona ziri kucitika pamaso pao mwa munthu wofanana ndi mnansi wao, aseka poyamba, kenaka akhala cete, ndipo pobwerera kwao alankhulana. Nchito yotere si yoseketsa pa msika cabe. Ifanana ndi ya mphunzitsi, ndipo ifanananso pang'ono ndi ya namwino.

Miyezi ija itatha tinakhalanso pansi, ndipo tinapangana motere. Mwanayo apemphe malo ku Zomba, ndipo akalandiridwa aphatikize masewero ndi phunziro lina lakuti angadzaphunzitse nalo. Podikira yankho asakhale manja lende, koma asonkhanitse anzace a pa mudzi, akonze sewero m'Cicewa, alionetse pa bwalo la sukulu ndi pa gombe, ndi kuyesanso mwai ku wailesi ya m'dera ya ku Nkhotakota. Pakuti ngati sangapirire kuseka kwa anansi ace, sadzapirira zaka 4 za ku Zomba. Ndipo malo akasowa, alowe koleji ya uphunzitsi, nafune gulu lodziwika lakuphunzirako pa chuthi. Amace sanakondwera kwenikweni, koma anati, "Ndamva, acimwene. Apite, koma akadzabwera adzasewere pano pomwe, ndidzaone cimene mpunga wanga unagula." Ndipo ine ndiyesa kuti pa mau onse amene ananenedwa pa nkhaniyi, amenewa ndiwo anali anzeru koposa.

Tsono inu makolo anzanga, mwana akadza kwa inu ndi funso ili, musamseke, ndiponso musafulumire kugulitsa ukonde. Yambani mwamuona alikusewera, muone ngati anthu atonthola. Funsani za mphunzitsi, za bwalo, za cinenero, za cakudya ca mawa, ndi za pogona. Ndipo amene akana kukuyankhani, musampatse mwana wanu. Ndi inu anyamata ndi atsikana, musayese kuti masewero ndi pothawira nchito yolimba, pakuti ameneyo ndi munda wofuna khasu tsiku ndi tsiku, ndipo zokolola zace sizicuruka caka ciri conse. Musasankhe sukulu cifukwa ca kukongola kwa cilengezo cace kapena kutalika kwa ulendo wace, koma sankhani imene idzakubwezani kwanu muli okhoza kuima pamaso pa anthu a mtundu wanu ndi kuwauza zoona, iwo nakondwera kuzimva.